Sikelo ya Enelesi

Sendezani chitsacho pakati, moto ukuzirala. Amayi m'nyumbamo apumira kaye nyimbo, ndipo ndikuona kuti pano palibe amene tulo tamupeza. Inu achimwene munandifunsa madzulo aja chifukwa chimene ndinasiyira ntchito ya makompyuta n'kuyamba kugulitsa mbewu ndi makasu m'kagolosale. Ndinakuyankhani kuti maso anatopa. Ndinanama. Pamaliro munthu sanama kawiri, ndiye tcherani khutu.

Zaka zimenezo ine Fatsani Nkhwazi ndinkagwira ntchito pa kakampani kena ku Limbe, m'chipinda cham'mwamba, pansi pake pali sitolo ya nsalu. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Tinkapanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza anamwino m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Mayi akafika, namwino ankangolemba dzina lake ndi mudzi wake, kompyuta n'kutulutsa mbiri yonse: mimba zam'mbuyo zinayenda bwanji, magazi ake ndi a gulu liti, ndi mankhwala ati amene thupi lake limadana nawo. Mukudziwa mmene timabuku takuchipatala timathera. Tina timanyowa, tina makoswe amadya, tina timaiwalika pa denga. Kompyuta inkakumbukira.

Pakati pathu panali mtsikana wina wa ku Ntcheu, dzina lake Enelesi Chiwaya. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda kumwa tiyi wopanda shuga. Ndine ndinamuphunzitsa ntchito atangobwera kumene, ndipo ankanditchula kuti achimwene. Tsiku lina pamsonkhano anaimika dzanja ngati mwana wasukulu.

"Pulogalamu ili ngati mwana," anatero. "Mwana sudikira kuti adwale. Umapita naye kusikelo mwezi ndi mwezi, n'kumaona mzere wake. Ifeyo tsiku ndi tsiku timaonjezera zinthu mu pulogalamuyi, koma palibe amene akuiyeza ngati ikadali yachangu."

Bwana anamulola. Enelesi anatenga kompyuta yakale, yofanana ndendende ndi zimene zinali m'zipatala muja, n'kuiika m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, mmene tinkasungamo matsache ndi makatoni. Anaidzaza ndi odwala ongopeka zikwi makumi anayi, chifukwa zipatala zina zinali ndi mayina ochuluka chomwecho. Usiku uliwonse ikakwana thuu koloko, popanda munthu woigwira, kompyuta ija inkatenga zonse zimene talemba tsikulo, n'kuyamba kutsegula mbiri za odwala ongopekawo mmodzimmodzi, uku ikuwerenga masekondi. M'mawa aliyense ankapeza imelo yokhala ndi chithunzi cha mzere, kadontho kalikonse kakuimira usiku umodzi. Wa mwana mzere umafunika uzikwera, koma wathu unkafunika ukhale pansi. Ukangopitirira masekondi asanu unkasanduka wofiira, ndipo zikatero pulogalamu sinkaloledwa kutumizidwa kuzipatala mpaka itakonzedwa.

Tonse tinkangoitchula kuti sikelo ya Enelesi. Zaka ziwiri mzere unagona pa masekondi atatu, wobiriwira, wosatekeseka. Tinafika poiwala kuuyang'ana. Iye yekha sankaiwala. Asanavule n'juzi yomwe, ankayamba watsegula imelo ija.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera alendo a bungwe lina lakunja limene linkatithandiza. Bwana anafuna kuti akaone zokongola: mapu amitundumitundu, chithunzi cha nkhope ya wodwala aliyense, zinthu zoti munthu aziombera m'manja. Ntchitoyo anandipatsa ine, n'kundinong'oneza kuti ikayenda bwino mpando wa wachiwiri wake ndi wanga. Ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndipo mzere uja unayamba kudzuka. Masekondi atatu ndi theka. Anayi. Anayi ndi theka. Sabata yotsatira, asanu ndi awiri. Kenako khumi ndi awiri, kufiira kuti psuu.

Lachisanu m'mawa Enelesi anabwera pa desiki yanga atanyamula kapu yake.

"Achimwene, mwana wathu akudwala."

"Ikudwala ndi kompyuta yakoyo. Yakalamba."

"Yokalambayo ndi imene anamwino ali nayo. Pano yafika masekondi khumi ndi awiri, ndipo ikukwera usiku uliwonse. Kumudzi, ndi magetsi adzuwa aja, sindikudziwa kuti zikhala bwanji. Ndipatseni sabata imodzi tifufuze limodzi."

"Sabata tilibe, Ene. Alendo afika Lolemba, ndipo bwana akufuna akapeze yatsopanoyo ikugwira ntchito m'zipatala."

"Ndiye akaone yakaleyo. Mzere uli wofiira ine sinditsegula njira yoitumizira."

Sanakweze mawu. Anabwerera pamalo pake n'kupitiriza ntchito.

Mawu ake achinsinsi olowera m'sikelo ndinkawadziwa. Anandipatsa yekha chaka chapitacho atagonekedwa ndi malungo, kuti ndizimuyang'anirako. Madzulo a Lachisanu lomwelo, anzanga onse ataweruka, ndinalowa m'kachipinda kaja. Sindinatenge nthawi. Ndinafufuta odwala ongopeka aja, n'kusiyamo mazana anayi okha. Katundu akachepa ngakhale bulu wodwala amathamanga. Loweruka m'mawa mzere unagwa kufika pa masekondi awiri, wobiriwira bwinobwino, ndipo masana omwewo ndinatumiza pulogalamu yatsopano kuzipatala makumi atatu.

Lolemba Enelesi atatsegula imelo anadzuka n'kubwera kwa ine, nkhope ikuwala.

"Mwakonza bwanji, achimwene?"

"Ndapeza pamene pamakoka."

"Mwachita bwino. Ndimadziwa kuti simungaitumize ili choncho."

Mawu amenewo, anzanga, ndikanakonda akanandimenya mbama. Tsiku lomwelo bwana anamutumiza kumpoto kukaphunzitsa anamwino kwa masabata atatu, moti analibe mpata wofufuza. Alendo anabwera, anaombera m'manja, anapita. Madandaulo ochokera kuzipatala ankafika pa foni yanga, ine n'kumayankha kuti ndi netiweki, ipepuka yokha. Mumtima ndinkati mawa ndikonza. Mawa lija linkabala mawa linzake.

Sabata yachitatu, pa chipatala china cha kumapiri, bambo wina anafika ndi mkazi wake pa njinga. Mayiyo dzina lake anali Rozina Matope. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, thupi likutentha ngati mbaula, akubwebweta. Pothamanga, bamboyo anaiwala kabuku kakuchipatala. Namwino anali yekha. Analemba dzina mu kompyuta, ndipo kagudumu kamene kamaonetsa kuti dikira kanayamba kuzungulira. Anadikira. Mayi uja akunjenjemera pa benchi, kagudumu kakuzungulira. Pomaliza namwinoyo anachita zimene aliyense akanachita, anamubaya jekeseni imene amabaya onse obwera ndi vuto lotere. Mbiri inatseguka patatha mphindi khumi ndi imodzi. Pamwamba penipeni panali malemba ofiira onena kuti mayi ameneyu asapatsidwe mankhwala amenewo. Nthawi imeneyo n'kuti mpweya ukumuthawa kale. Anapita iye ndi mwana yemwe.

Bwana anatiitana tonse. Anali atafufuza m'sikelo ndipo anapeza kuti odwala ongopeka anafufutidwa Lachisanu lija, ndi dzina la Enelesi.

"Sindine, bwana," anatero Enelesi.

"Dzina ndi lako. Mawu achinsinsi ndi ako. Sikelo ndi yako. Ukuti ndi ndani?"

Enelesi anandiyang'ana kamodzi kokha. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga. Ndikukumbukira kuti chingwe cha nsapato yakumanzere chinali chitamasuka. Sanatchule dzina la munthu. Masana omwewo analongedza tinthu take m'katoni. Tinakumana pa masitepe, ine ndikukwera iye akutsika, ndipo ndinangokanirira kukhoma kuti adutse.

Zipatala tinazibwezera pulogalamu yakale. Mpando uja ndinaupeza. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndili pampandowo chinali kuzimitsa sikelo. Ndinazula chingwe chake chamagetsi, n'kuchikulunga, n'kuchitsekera m'dirowa yanga. Kachipinda kaja ndinakakhoma, kiyi n'kuika m'thumba.

Patatha miyezi inayi, mu Juni, kukuzizira, kunabwera uthenga woti Enelesi wamwalira kwawo ku Ntcheu. Akuti anangodandaula mutu masiku atatu. Anzanga onse anakwera galimoto ya bwana kupita kumaliro. Ine ndinati ndili ndi malungo.

Zinayamba Lolemba lotsatira.

Nditatsegula kompyuta yanga m'mawa ndinapeza imelo ya sikelo. Chithunzi chinali chomwechija, mzere wakale wonse ulipo, kenako mpata wa miyezi inayi wopanda kanthu, kenako kadontho kamodzi kofiira, pamwamba kwambiri, patalitali ndi tinzake. Pansi pake panalembedwa kuti mphindi khumi ndi imodzi.

Ndinafunsa anzanga ngati alandira imelo ina yachilendo. Palibe anailandira. Ndinapita kukachipinda kaja, ndinapeza loko ali chikhomere. M'katimo kompyuta ili phee, fumbi lili mbuu pamwamba pake. Chingwe chinali m'dirowa yanga mmene ndinachisiyira. Ndinadziuza kuti makina amatero, uthenga wakale umatha kusochera n'kufika mochedwa.

Lachiwiri inabweranso. Mphindi khumi ndi ziwiri. Lachitatu, khumi ndi zinayi. Lachinayi ndinalimba mtima n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pansi, pamene pamaonetsa wodwala amene sikelo yayesa kutsegula. Odwala ongopeka a Enelesi anali ndi mayina oseketsa, a Mbatata Yowotcha, a Chigumu Chapsa, kuti wina asawasokoneze ndi anthu enieni. Koma apa panalembedwa kuti Rozina Matope. Dzina limenelo silinalowepo m'kompyuta imeneyo chiyambire. Kutsogolo kwake kunali mawu amodzi: akudikira.

Tinali ndi mayi wina wosesa mu ofesi, mai Nasibeko, amene ankafika mbandakucha ife tisanabwere. Tsiku lina anandidikira pakhomo, tsache lili m'manja, sanasese n'komwe.

"Bambo Nkhwazi, kodi mwayamba kugoneka odwala m'kachipinda kaja?"

"Odwala ati, mayi?"

"Pakhondepo pakununkha kuchipatala. Sipiriti uja amapaka asanabaye. Ndiye dzulo ndinaima pachitsekopo. Muli munthu akupuma, ngati wakwera phiri atasenza mtolo. Komanso muli wina akugogoda tizinthu, pang'onopang'ono, ngati nkhuku ikujompha pa lichero."

"Ndi makoswe amenewo."

"Ine ndakula nawo makoswe, bambo. Khoswe sabuula." Kuyambira tsiku limenelo ankasesa n'kulekezera pakati pa khonde, moti fumbi linapanga malire ooneka ndi maso.

Kenako wotchi yapakhoma ya mu ofesi inasowa. Anzanga ananamizirana, wina mpaka anati ndi mlonda. Patatha masiku awiri ndinatsegula kachipinda kaja n'kuipeza ili pamwamba pa sikelo, chagada, ikuyenda bwinobwino. Pafumbi lija panalibe chizindikiro cha chala. Ndinaibweza pakhoma mwakachetechete. Sabata yomweyo wotchi yanga yapamkono, imene ndinaivula ndekha n'kuiika pa mpando kunyumba kwanga ku Bangwe, inasowa. Sindinavutike kuifunafuna m'nyumba. Ndinadziwa kumene ili, ndipo ndinakaipezadi komweko.

Masiku amenewo kunali chiperoni. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kuphimba msewu, moti minibasi unkaimva isanaoneke. Pa siteji pamene ndinkakwerera panali mwala waukulu m'mbali mwa ngalande. Ndinayamba kuona mayi wina woyembekezera atakhala pamwalapo, atafunda chitenje kumutu, manja atagwira mimba. Tsiku loyamba sindinalabadire. Tsiku lachitatu ndinazindikira kuti sakwera minibasi iliyonse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti makondakitala sankamuitana. Inu mukuwadziwa makondakitala a ku Bangwe, amaitana ngakhale mbuzi yodutsa. Koma maso awo ankangodumpha mwala uja ngati palibe kanthu.

Tsiku lina ndinachedwa kudzuka ndipo pa siteji ndinapezeka ndili ndekha. Ndinaima chapatali, nditamufulatira. Mawu anabwera otsika, osasa ngati a munthu amene sanamwe madzi masiku ambiri.

"Bambo, yatseguka?"

Ndinayankha osatembenuka. "Chiyani, mayi?"

"Anati ndidikire pang'ono."

Minibasi inatulukira m'nkhungu muja ndipo ndinalowa isanaime n'komwe, mpaka ndinadzigunda bondo pachitseko. Sindinasuzumire pawindo. Kuyambira pamenepo ndinkayenda wapansi mpaka siteji ina ya kutsogolo, koma ngakhale kumeneko, nthawi zina, m'mbali mwa diso ndinkaona chitenje.

Ndinayamba kuonda. Chakudya chinkandikanika. Chilichonse chofuna kudikira chinkandinjenjemeretsa: ketulo ikamachedwa kuwira, foni ikamaitana osayankhidwa, mzere wa kubanki. Ndinapita kwa abusa, anandipempherera, koma sindinawauze chimene ndinachita, ndiye pemphero lawo linali ngati kuthira mankhwala pamwamba pa bandeji. M'mawa uliwonse kadontho kankakwera. Mphindi makumi atatu. Makumi anayi ndi zisanu. Tsiku limene kanafika pa ola lathunthu, ndinati lero ndigona mu ofesi ndione ndi maso anga.

Anzanga ataweruka ndinakhala pa desiki yanga, chitseko cha kukhonde nditachitsegula. Cha m'ma teni koloko magetsi anathima Limbe yense. Ndinasangalala pang'ono, anzanga, ndinati tione tsopano kuti iyaka ndi chiyani. Ndinakhala mumdimamo ndikumva mlonda akutsokomola pansi, agalu akuuwa kutali cha kunjanji. Kenako zonse zinakhala bata.

Thuu koloko itakwana, ndinamva kafani ka m'kompyuta yakale ija kakuyamba kulira. Ndinkakadziwa kulira kwake, kankayamba ndi kukhosomola kawiri. Pansi pa chitseko cha kachipinda kaja panatuluka kuwala kotuwa.

Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndinangopezeka ndili pakhonde, kiyi ali m'manja. Fungo lija la sipiriti linali lamphamvu moti maso analuma. Nditatsegula, sikirini inali ikuwala, kumbuyo kwake kulibe chingwe chilichonse. Pakati pake kagudumu kaja kankazungulira. Kutsogolo kwa kompyuta kunali mpando wa Enelesi wa khushoni yobiriwira. Ndinafuna kuukoka kuti ndikhalepo, koma dzanja linakana. Khushoni ija inali yobonyeka pakati, ndipo mpandowo unali utasendezedwa pafupi ndi tebulo, mmene amakhalira munthu wamfupi.

Mabatani ankalira. Sindikunena kuti ndinawaona akutsika, chifukwa maso anga ndinawakhomera pa sikirini. Ndinkangomva, pang'onopang'ono, mosathamanga. Pakona ya sikirini panali nambala ya odwala ongopeka. Inali pa mazana anayi, pamene ndinaisiya ine. Ndiye inayamba kukwera. Chikwi. Zikwi zisanu. Zikwi khumi. Wina ankabwezeretsa mmodzimmodzi zimene ndinafufuta.

Pamenepo m'pamene ndinamva kupuma kuja. Kunali kumbuyo kwanga, chakumanzere, pamene panali makatoni. Kupuma kwa munthu amene mpweya ukulowa podutsa pa kabowo kakang'ono. Kunkasendera. Pakhosi panga kumbuyoku panayamba kutentha ngati ndayandikira mbaula, chonsecho usiku unali wozizira zedi.

Nambala ija itafika zikwi makumi anayi, mabatani anasiya. Pa sikirini panatuluka kabokosi kolowera. M'mwamba mwake munali mutalembedwa kale dzina. Silinali la Enelesi. Linali langa, Fatsani Nkhwazi, ndipo pansi pake kamzere kankaphethira, kudikira mawu achinsinsi.

"Ene," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwana.

Kupuma kuja kunangopitirira, kamzere kakuphethira. Sindinatembenuke, sindinathawe, sindinagwire mabatani. Ndinaima pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadziwa kutalika kwa mphindi imodzi munthu ukamadikira chinthu chimene chili m'manja mwa wina. Ndinaima mpaka kumzikiti kunamveka kuitanira mapemphero a m'bandakucha. Mawu oyamba atangomveka, sikirini inathima. Kutentha kuja kunachoka pakhosi panga pang'onopang'ono, ngati munthu akubwerera chambuyo.

Mai Nasibeko anandipeza nditakhala pansi pakhonde. Anandipangira tiyi n'kundigwiritsa kapu ndi manja awo awiri.

Magetsi atayaka ndinatulutsa chingwe chija m'dirowa n'kukachilumikiza. Kompyuta inayaka ngati kompyuta ina iliyonse. Odwala ongopeka anali mazana anayi. Ndinalowa ndi dzina langa, ndinawabwezeretsa onse, kenako ndinayamba kufunafuna chimene chinkachedwetsa pulogalamu yanga ija. Ndinachipeza dzuwa lisanafike pamutu. Pofuna kuonetsa nkhope ya wodwala mmodzi, pulogalamuyo inkayamba yanyamula zithunzi za odwala onse a pachipatalapo. Kanali kulakwitsa kwa mizere itatu, ndipo ndinalemba ndine. Kukonza ndi kuyesa kunanditengera tsiku limodzi ndi theka. Enelesi anapempha sabata, koma zinkangofunika tsiku limodzi ndi theka.

M'mawa wotsatira imelo inafika kwa tonse. Masekondi atatu, wobiriwira. Ndinaisindikiza papepala n'kulowa nayo kwa bwana, ndipo ndinawauza zonse kuyambira Lachisanu lija. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Nkhwazi, tsiku limene tinamuchotsa mwana uja, iwe unakhala apo n'kumadya nafe mandasi."

"Eya, bwana."

"Ndipo ine ndinakaima pamanda pake ndikuganiza kuti ndikukwirira munthu wosasamala." Kenako anatenga pepala n'kulemba ndi dzanja kalata yonena kuti Enelesi Chiwaya analibe mlandu. "Iyi ukapereka wekha. Ukachoka kumeneko usabwererenso kuno."

Ndinafika ku Ntcheu masana a tsiku lotsatira. Bambo ake a Enelesi anali okhoma zidebe. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukhoma ndowa, ndipo atandiona anasiya hamala n'kundipatsa mpando. Nditatchula dzina langa anagwedeza mutu ngati munthu amene akuyembekezera mlendo. Kalata ija anati ndiwawerengere ine. Nditamaliza, ndinagwada n'kuyamba kufotokoza, koma anandiimitsa ndi dzanja.

"Zimenezo ndikuzidziwa. Anandiuza usiku womwe anafika."

"Ankadziwa kuti ndine?"

"Mawu achinsinsiwo anapatsa anthu angati? Ine ndinati tiye tikanene. Anakana. Anati, abambo, achimwene aja si munthu woipa, achita mantha chabe, anena okha. Foni yake ikangolira ankathamangira, ngakhale ali kudimba. Ntchito ina inapezeka ku Lilongwe, anamufunsa kalata ya kumene anachokera, iye anati dikirani pang'ono, ikubwera." Anatola hamala ija n'kuiyang'ana. "Dzukani. Amene munamulakwira si ine."

Anakapempha chilolezo kwa eni manda, ndipo tinalowa awiri. Manda ake anali akadali ofiira, nkhata zitauma. Ndinaima kumiyendo n'kunena kuti, Ene, ndine ndinafufuta, ndinaopa, ndinakusiya usenze mlandu wanga, pepani. Ndinadikira, sindikudziwa kuti ndinkadikira chiyani. Mitengo inali zii. Ngakhale mbalame sinalire.

"Mwatha?" anafunsa bambo aja.

"Ndatha."

"Mawu amenewo ndi aafupi chomwecho? Munthu sangamalize n'kapu ya madzi yomwe." Sananene mokalipa. Anangotembenuka n'kuyamba kutuluka.

Ndinawatsatira pa kanjira ka masamba ouma. Iwo anali kutsogolo, ine pambuyo, koma mapazi ankamveka a anthu atatu. Achitatuwo anali olemera, okoka, opumira pakatipakati. Titatuluka m'manda n'kufika pa mphambano, bambo aja anakhotera kumudzi. Mapazi aja sanawatsate. Anaima pamene ndinaima ine.

"Mwamva?" ndinawafunsa.

Anayang'ana kumbuyo kwanga, osati kwa ine, kenako anatsitsa maso.

"Ameneyo si wanga," anatero. "Wanga wagona. Ameneyo mukamuperekeze kwawo."

Kwawo kwa Rozina Matope ndikukudziwa. Namwino uja ananditumizira dzina la mudzi ndi la mwamuna wake wa Rozina, ndipo anandiuza kuti anatsala ndi ana awiri, kuti njinga ija anaigulitsa chifukwa sankatha kuiyang'ana. Pepalalo lili m'chikwama changa muno. Kawiri konse ndakwerapo basi ya kumeneko. Ulendo woyamba ndinatsikira panjira. Wachiwiri ndinafika mpaka pa msika wa kufupi ndi mudziwo, munthu wina anandilozera nyumba yake, ya denga laudzu, pakhomo pali kamtsikana kakutsuka mbale. Ndinagula nthochi n'kubwerera.

Kwa Enelesi ndinapita chifukwa ankandidziwa. Koma bambo ameneyu mpaka lero amakhulupirira kuti mkazi wake anamupha ndi iye, poiwala kabuku kaja pa denga. Ndiyenera kukaima pakhomo pake n'kumuuza kuti ayi, si inu. Chaka chino ndi chachitatu, ndipo sindinakaimebe pakhomopo.